Sikisite ya Bwana Peresenti

Fakitale yathu imapanga sopo wochapira, ndipo ine ndine wamagetsi wake. Zinthu zikamayenda bwino palibe amene amakumbuka kuti ndilipo. Koma mota ikangopsa aliyense amandifunafuna, ena mpaka kutchula amayi anga amene anadzigonera kalekale osalakwira munthu.

Mota imodzi ndiyo imayendetsa makina odulira sopo pamodzi ndi lamba wautali amene sopoyo amatsetserekerapo. M'mbali mwa lambayo mumaima amayi asanu ndi mmodzi, otola mitanda ya sopo n'kumalongedza m'makatoni. Womaliza pamzerewo, kumapeto kwenikweni kwa lamba, ndi achemwali anga. Ndi iwo anandilera makolo atatisiya, ndi iwo ananditumiza kusukulu ya zamagetsi, ndipo ntchito inoyi anandipemphera ndi iwo omwewo. Choncho ngakhale ndili ndi ana atatu ndi dazi lofika kunkhongo, kwa iwo ndidakali "iwe".

Malo akumapeto kwa lamba ndi aulemu. Amapatsidwa kwa amene wakhalitsa pantchito, chifukwa sopo wambiri amakhala atatoledwa kale ndi akutsogolo. Koma ulemuwo uli ndi vuto lake. Mtanda uliwonse umene asanu aja auphonya umafika kwa womalizayo, ndipo akauphonya nayenso umagwera pamapazi pake, moti mlendo akayang'ana pansi amaganiza kuti waulesi ndi ameneyo. Achemwali anali atakhala pamalowo zaka zisanu ndi zinayi mwa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene anagwira pafakitalepo, ndipo zala zawo zinali zitayamba kuuma ndi nyamakazi. Iwo sankavomera. Ankati sopo wamasiku ano ndiye akuterera.

Kale lamba ameneyu analibe mwambo. Panali mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, ndipo liwiro linali limodzi basi. Ukadina lobiriwira mota inkabangula, lamba n'kudzidzimuka ngati munthu wothiridwa madzi ali mtulo, mitanda ingapo n'kudumphira pansi ntchito isanayambe n'komwe. Tinazolowera. Sopo ankagwa ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo bwana wa nthawi imeneyo sankakonda kuyang'ana pansi.

Kenaka eni fakitale anatitumizira bwana watsopano, bambo wachinyamata wa madigiri awiri. Ankavala chipewa cholimba chapulasitiki ngakhale mu ofesi, momwe chinthu chokhacho chimene chingamugwere pamutu ndi nalimata. Sabata isanathe tinali titamupatsa dzina lakuti Bwana Peresenti, chifukwa sankatha kumaliza chiganizo osaikamo peresenti. Mlonda wapageti analumbira kuti tsiku lina atamufunsa mmene wadzukira, iye anayankha kuti bwinoko ndi maperesenti khumi poyerekeza ndi dzulo. Khoma la ofesi yake analimata mapepala a mizere yokwera ndi yotsika, ndipo mzere wotsika ankaukwiyira ngati wamutukwana.

Ndiye amene anagula bokosi lija. M'mabuku limatchedwa dilaivi, ena amati invata, koma ife tinkangoti bokosi, pakuti linalidi bokosi lotuwa, lokhomedwa pakhoma pafupi ndi mota, lokhala ndi kagalasi koonetsa nambala yofiira. Anabwera kudzaliika ndi injiniya wa kampani yogulitsa makina, mayi wamfupi wosasekaseka amene tinamutcha Mayi Laputopu, popeza sitinaonepo manja ake ali opanda laputopu. Ine ndinamukonda. Anandiphunzitsa masiku awiri osandiyesa chitsiru, zimene mainjiniya sachitachita.

Zimene anandiphunzitsazo ndi izi. Magetsi ochokera kunja sabwera akuyenda mbali imodzi. Amapita uku n'kubwerera uku, maulendo makumi asanu pa sekondi iliyonse, ndipo mota ilibe nzeru zakezake, imangotsatira kugunda kumeneko monga wovina amatsatirira ng'oma. N'chifukwa chake lamba wathu anali ndi liwiro limodzi, fifite. Tsono bokosi limaima pakati pa magetsi ndi mota. Limalandira magetsi aja, n'kuwawongola kuti ayende mbali imodzi, kenaka n'kuwaduladula mwamsangamsanga kuti apange kugunda kwatsopano kumene iwe wafuna. Ukaika fote, mota imafatsa. Ukaika sikisite, imathamanga kuposa mmene inkathamangira chibadwire. Ndipo podzuka siibangulanso, imayamba pang'onopang'ono n'kumakwera mpaka kufika pamene waiuza.

Mayi Laputopu anaima pambali pa lamba theka la ola, akuyang'ana manja a amayi aja ndi wotchi yake, ndipo anati liwiro loyenera pamenepa ndi fote-faifi. Bwana Peresenti anafunsa kuti nambala yaikulu imene mota ingapirire ndi iti. Mayiyo anayankha kuti ndi sikisite, koma kuti manja a anthu alibe bokosi. Theka lachiwiri la yankholo linapita ndi mphepo. Kuchoka pa fifite kufika pa sikisite ndi maperesenti makumi awiri, ndipo dzuwa lisanalowe eni fakitale anali atauzidwa kale kuti maperesentiwo ali m'njira.

Sabata yoyamba ya sikisite ndinaona zimene sindinazionepo. Sopo ankabwera ngati akuthawa moto. Amayi akutsogolo ankati akatola mtanda umodzi, iwiri inali itadutsa kale kunsi kwa chigongono. Pakatha mphindi khumi wina ankadina batani lofiira kuti atole zapansi ndi kuwongola msana, lamba n'kuima, makina odulira n'kuima, anyamata ophika sopo kumtunda n'kuyamba kutukwana. Pamapazi pa achemwali pankakhala phiri. Bwana Peresenti ankatsika m'mawa uliwonse, n'kujambula nambala ya pakagalasi ndi foni kuti atumize kwa eni fakitale, kenaka n'kuyang'ana phiri lija, n'kuyang'ananso achemwali. Madandaulo onse ankawayankha ndi liwu limodzi.

"Muzolowera."

Kalata yoyamba yochenjeza achemwali inabwera Lachisanu la sabata yomweyo. Yachiwiri inabwera patatha masabata awiri. Pafakitale pathu yachitatu imabwera pamodzi ndi mlonda wokuperekeza kugeti, ndipo achemwali anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito mwaulemu ndi penshoni yawo.

Ine ndi iwo timadyera limodzi masana, titakhala pamakatoni kuseri kwa kachipinda kanga ka zida. Tsiku la kalata yachiwiri ndinawaona akulephera kutsekula kontena yawo ya chakudya, mpaka anachita kugwiritsa mano, akuyesa sindikuona. Ndinawapempha kuti asinthane malo ndi mmodzi wa akutsogolo, phiri lija ligwere pamapazi a wina. Anasiya kutafuna.

"Iwe, malo amene aja ndinawadikira zaka khumi ndi zinayi. Ndichokepo chifukwa cha kabokosi?"

Ndinakwera masitepe kupita kwa bwana. Ndinamufotokozera mwaulemu wonse kuti lamba akuima nthawi yambiri kuposa imene akuyenda, ndipo kuti titatsitsa liwiro makatoni akhoza kuchuluka. Anandimvetsera akudinadina foni. Kenaka anandiuza kuti anthu ngati ife timaopa chitukuko, kuti ntchito yanga ndi mawaya ndipo nambala ndi za amene anaziphunzira, ndiponso kuti tsiku limene adzapeze pakagalasi pali china chosakhala sikisite, makalata adzalemba awiri, ya achemwali ndi yanga. Ndinatsika masitepewo mtima ukuwira. Ndikanakhala ndi hamala m'manja, bwenzi nkhaniyi ndikusimba ndili kundende.

M'malo mwa hamala ndinatenga buku la bokosi limene Mayi Laputopu anandisiyira. Ndinaliwerenga Loweruka lonse nditakhala pakhonde, mpaka mkazi wanga anafunsa ngati ndalowa mpingo watsopano. Chapakati pake ndinapeza tsamba limene linandiseketsa ndekha. Nambala ya pakagalasi siikakamizidwa kukhala liwiro lenileni la mota. Opanga bokosi anasiya malo oti uichulukitse ndi nambala ina imene wafuna, kuti a fakitale ya zakumwa aziona mabotolo odutsa pa mphindi, a nsalu aziona mamita. Anthu abwino amenewo sanaganizeko za ine.

Sindinachite mopupuluma. Ndikanatsitsa kamodzi n'kamodzi, aliyense akanamva kuti mota yasintha mawu. Ndinkadikira belu la masana, anthu n'kutuluka, ine n'kupita ndi burashi m'manja ngati ndikukachotsa fumbi la sopo pakafani ka bokosi. Ndinkatsitsa liwiro ndi wani, n'kukweza yochulukitsira ija mpaka pakagalasi pabwerere sikisite, kenaka n'kupita kukadya ndi achemwali nkhope ili yosalakwa. Tsiku lililonse wani. Fifite-naini, fifite-eyiti, fifite-seveni. Masamu ake ndinkawerengera pafoni thukuta lili kamukamu. Phiri linayamba kuchepa, ndipo bwana ataona likuchepa anaika pansi cholembera cha kalata yachitatu. Patatha mwezi lamba anali pa fote, yochulukitsira ili pa wani ndi theka, kagalasi kali ngwee ndi sikisite yake yofiira.

Batani lofiira linayamba kuchita fumbi. Lamba ankayenda kuyambira m'mawa mpaka masana osaima, ndipo makatoni otuluka pa tsiku anachuluka kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire fakitale. Panalibe zamatsenga. Lamba woyenda pa fote tsiku lonse amanyamula sopo wambiri kuposa lamba wa sikisite amene theka la tsiku waima. Ndi zomwezo zimene ndinakanena ku ofesi kuja.

Bwana Peresenti anatupa. Anaitanitsa msonkhano, nakwera pamulu wa matabwa, natikumbutsa liwu lake lija. Anati thupi la munthu ndi makina, ukalikankha limazolowera, ndipo wayamba kale kulemba pepala lokawerenga kumsonkhano wa mabwana anzake. Amayi aja anawomba m'manja, ndipo choseketsa n'chakuti ankawomba moona mtima, chifukwa nawonso ankakhulupirira kuti azolowera. Tsiku lina anandiitana n'kundifunsa ngati sitingayeseko sikisite-faifi. Ndinamukumbutsa kuti injiniya anati mota ipsa. Kunena zoona, ndikanatha kumupatsa ngakhale handiredi asanamalize kumwa tiyi, koma ndinaopa kuti angakagwe pamatabwa paja ndi chisangalalo.

Ngakhale kutentha kwa mota kunamukomera iyeyo. Mota imadziziziritsa ndi fani ya kumbuyo kwake imene imazungulira nayo limodzi, choncho ikamayenda pang'onopang'ono faniyo imachepa mphamvu, mota n'kumatentha. Ndikuiikira fani ina yapadera, bwanayo anaima kumbuyo kwanga manja ali kumsana. Anandiyamikira kuti tsopano ndayamba kuganiza, chifukwa chinthu chothamanga chotere chiyenera kutentha basi. Ndinathokoza.

Chimene sindinachiganizire chinali achemwali. Iwo anasintha mayendedwe. Anayamba kubwera kuntchito atavala ndolo. Nyamakazi imene sankaivomera ija tsopano ankaitchula poyera, popeza inali itagonja, ndipo ankauza aliyense za mafuta opaka amene mnzawo anawagulira ndi za madzi ofunda amene amaviikamo manja asananyamuke kunyumba. Amayi awiri a pamzere mpaka anakagula mafuta omwewo. Tsiku lina masana anandiloza ndi supuni.

"Unkati ndatha, si choncho? Unkafuna ndikaime kutsogolo ndi ana. Sikisite, iwe. Pamsinkhu wanga uno."

Ndinameza chakudya pamodzi ndi zimene ndinkadziwa. Ndinali ndisanawaone akusangalala chotero chimwalirireni amuna awo, alamu anga, ndipo ndinadziuza kuti bodza limeneli silikupweteka munthu, likhale m'bokosi mwake momwemo.

Linakhaladi m'menemo miyezi isanu ndi itatu. Eni fakitale anakondwa ndi makatoni, anakweza Bwana Peresenti udindo, anamupatsa galimoto, kenaka anagula lamba wachiwiri. Ameneyu anali wamakono zedi. Anali ndi kadiso kamagetsi kowerenga mtanda uliwonse wodutsa, ndi kakompyuta kolamula bokosi lake nthawi yoyamba, nthawi yoima ndi liwiro loyendera. Zonsezo zinali zotseka ndi nambala yachinsinsi imene ankaidziwa Mayi Laputopu yekha, chifukwa chaka choyamba makinawo amakhala adakali m'manja mwa kampani yake. Bwana analamula sikisite, mosachita kufunsa. Ndipo pamsonkhano wa Lachisanu analengeza kuti malo aulemu akumapeto kwa lamba watsopano apita kwa mayi amene waonetsa fakitale yonse kuti msinkhu si kanthu. Achemwali anaimirira anthu akuwomba m'manja, anandiyang'ana n'kukweza chibwano. Ine ndinadziwa kuti sikisite ya lamba ameneyu idzakhala yeniyeni. Makalata awo awiri aja anali adakali m'fayilo.

Ndinayesa njira ziwiri, zonse n'kundikanika. Ndinapempha Mayi Laputopu nambala yachinsinsi, ndikunamizira kuti mwina bokosi lingadzavute iye kulibe. Anandiyankha kuti foni yake siizima. Lamlungu ndinapita kwa achemwali, njira yonse ndikukonza mawu. Ndinawapeza akusita yunifolomu, adzukulu awiri atakhala pansi akumvetsera mmene agogo awo anagonjetsera makina. Wamkuluyo anandifunsa ngati sikisite imathamanga kuposa galimoto. Ndinamwa tiyi, ndinayamikira makatani atsopano, ndinatsanzika. Ndine wamantha, ndipo tsiku limenelo ndinadzidziwa bwino.

Lolemba linali tsiku loyesa lamba watsopano, eni fakitale asanabwere kudzamuona Lachisanu. Lambayo anadzuka mwaulemu, nambala ikukwera pang'onopang'ono pakagalasi. Pa sate achemwali ankamwetulira. Pa fote manja awo ankayenda bwinobwino monga masiku onse. Koma nambala sinaime pamenepo. Fote-faifi, fifite, fifite-faifi, ndipo mota inayamba kulira mawu amene makutu anga anali atawaiwala. Sopo anayamba kudutsa amayi akutsogolo, yense n'kulunjika kumapeto. Achemwali anatola, natola, zala zikugwira mphepo. Mtanda wina unawagunda pamimba, wina unadumpha katoni. Anzawo anakuwa kuti wina adine lofiira. Batanilo linali pafupi ndi dzanja lawo, koma sanalikhudze. Anangoluma mlomo, misozi ikulengeza, n'kumalimbana ndi lamba mpaka sopo anawakwirira akakolo. Ndinathamanga n'kukadina ndine.

Bwana Peresenti anatsika masitepe awiriawiri, ndipo mlandu anauika pa makina. Anauza Mayi Laputopu kuti kampani yake yatigulitsa chinthu chamisala. Analoza lamba wakale, amene pa sikisite yomweyo ankayenda mofatsa ngati mkwatibwi, n'kufunsa kuti watsopanoyu akuthamangira kuti. Mayiyo sanakangane naye. Anatulutsa m'chikwama kachipangizo koyezera mmene mota ikuzungulirira, anayatsa lamba watsopano kamphindi, nalozetsa pamota yake, nalemba nambala padzanja. Anapita pamota yakale, nalozetsanso. Anayang'ana dzanja lake, anayang'ana kagalasi, kenaka anayang'ana ine nthawi yaitali. Analumikiza laputopu kubokosi lakale, ndipo sizinamutengere ngakhale mphindi ziwiri.

"Latsopano lili bwinobwino, bwana. Lakaleli ndiye likuyenda pa fote. Wina anauza kagalasi kuti kazichulukitsa ndi wani ndi theka."

Tinali titaima pakona ya bokosilo, amayi atabalalika kutola sopo pansi. Ine ndinayamba kuganiza za zida za m'kachipinda kanga, kuti zanga ndi ziti ndipo za fakitale ndi ziti. Bwana Peresenti anandiyang'ana maso ali psuu, ndipo ndinadziwa kuti kwanga kwatha. Koma kenaka milomo yake inayamba kugwedera popanda mawu. Anali akuwerengera, ndipo pa kuwerengera ndiye sankalakwa. Panali zithunzi za miyezi isanu ndi itatu zimene anatumiza ndi foni yake. Panali pepala limene anakawerenga pamaso pa mabwana anzake, panali galimoto, panali lamba wachiwiri wogulidwa pa mawu ake, ndipo Lachisanu linali pafupi.

"Chiyambire liti?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Mwezi wachiwiri wa bokosi, bwana."

"Nanga makatoni aja?"

"Makatoni ndi oona, bwana. Mukhoza kukawagwira."

"Akudziwa ndani?"

"Ife atatu."

Anavula chipewa, napukuta thukuta ndi chikhatho, nachivalanso. Kenaka anatembenukira kwa Mayi Laputopu, nanena ndi mawu a munthu amene watulukira nzeru yatsopano kuti fakitale yabwino siikhala ndi malamba osiyana makhalidwe, choncho bokosi latsopano likonzedwe kuti lifanane ndi lakale pa chilichonse. Mawu akuti pa chilichonse anawabwereza kawiri. Mayiyo anati zimene kagalasi kamaonetsa ndi zofuna za kasitomala, bola kasitomalayo asaine. Bwana anasaina pepala lili pabondo. Nambala yachinsinsi ndinapatsidwa pakapepala osapemphanso. Kwa ine anangoti nkhani yanga tidzakambirana bwino, ndipo mpaka lero sitinakambirane. Za makalata a achemwali ndinangozitchula kamodzi, iye n'kunena kuti sakukumbuka kalata iliyonse.

Ndinatsala pang'ono kuseka, iwo awiri atachoka. Ndiye ndinatembenuka. Kuseri kwa mulu wa makatoni, mapazi atatu kuchokera pamene tinaima, achemwali anali atagwada pansi, mitanda ya sopo ili m'epuloni. Anali atamva zonse.

Masana sanabwere kudzadya. Ndinawapeza poweruka, ali pampopi wa kuseri akusamba m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Ndinaima pambali. Ndinawauza kuti makalata aja kulibenso, kuti ntchito yawo ili bwinobwino mpaka tsiku lopuma, kuti bwana sadzawayang'ananso pamapazi. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Nambala yanga yeniyeni ndi iti?"

"Fote, achemwali."

"Bokosi lisanabwere, lamba uja ankayenda pa chiyani?"

"Fifite."

Anatseka mpopi n'kuyang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo.

"Ndiye kuti sindinakwereko. Ndinatsika."

"Ndinkafuna asakuchotseni."

"Ndikudziwa chimene unkafuna. Koma miyezi yonseyi ndakhala ndikudzitama pamaso pako, ndikuuza adzukulu, ndikugulitsa mafuta a eni ake kwa anzanga, iwe uli phee kumadya nane. Bwana uja wamunamiza, zili bwino, ndi mwana wa eni, si m'bale wako. Koma ine ndinkakusambitsa, iwe."

Ndikanakonda akanandimenya mbama monga ankachitira kale, nkhani n'kutha. Manyazi amene ndinali nawo sindinawamvepo pamaso pa bwana aliyense. Anapukuta manja pa epuloni, natenga chikwama chawo, koma asananyamuke anandiyandikira.

"Mawa uike fote-thu. Pakagalasi ulembe zimene abwana ako akufuna, sizikundikhudza. Koma ine uzindiuza zoona. Ndikakwanitsa fote-thu, tidzaona fote-folo. Wamva?"

Ndinati ndamva. Anandiuza kuti ndilumbire, ndipo ndinalumbira.

M'mawa mwake kunacha kozizira kwambiri, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa. Ndinalawirira. Ndinawaona akulowa pageti manja atawapisa m'khwapa, ndipo pokonza katoni yoyamba zala zawo zinakanika kupeza poyambira pa tepi, mpaka mnzawo anachita kuwathandiza iwo akuyang'ana kumbali. Ndinaima pabokosi latsopano nthawi yaitali, kapepala ka nambala yachinsinsi kali m'manja. Belu litalira lamba anadzuka, nakwera pang'onopang'ono, kagalasi n'kukaima pa sikisite. Kumapeto kwa mzere achemwali anatola mitanda khumi yoyamba osaphonya ngakhale umodzi. Kenaka anadzutsa mutu, nandikwezera zala ziwiri zosawongoka bwino, maso akufunsa. Ndinagwedeza mutu kuti inde, ndipo iwo anamwetulira n'kuweramiranso palamba. Ndinali nditaika sate-naini.